A Kolala Savekedwa

Dzina loti Kolala analitola kuhotela, kumene anayamba ngati wonyamula mbale n'kukwera mpaka kukhala mkulu wa operekera zakudya onse. M'mawa uliwonse ankaimika anthu awo pamzere kukhomo la khitchini, iwo manja ali kumbuyo, n'kumadutsa pang'onopang'ono akuyang'ana pakhosi pa aliyense. Wodumphitsa batani ankabwezedwa. Wa kolala yopindika ankabwezedwa. "Mlendo asanalawe msuzi, amayamba walawa iweyo ndi maso," ankatero. Eni akewo kolala yawo inkaima ngati aisokera lata mkati. Ngakhale tsiku lopuma, atakhala pakhonde kumvera wailesi, batani lapakhosi linkakhala lomanga, moti mkazi wawo ankauza anzake kuti anakwatiwa ndi malaya, mwamunayo anangobwera ngati basela.

Chakudza sichiimba ng'oma. Sitiroko inawapeza pakati pa matebulo, thireyi ya matambula ili m'manja. Inatenga dzanja lamanja, inakoka mwendo, n'kupotoza pakamwa pang'ono ngati pa munthu amene amafuna kuseka kenako wasintha maganizo.

Ali kuchipatala, tsiku limene anzawo a kuntchito ankabwera kudzawaona, anamwino awiri anawaveka malaya. Sanali anthu oipa, anali otopa chabe. Ankakamba za mnzawo wina amene mwamuna wake anathawa, mawu akudutsa pamwamba pa mutu wa a Kolala ngati akuyala bedi lopanda munthu. Mmodzi anadumphitsa batani. Malaya anapendama, mbali ina ya kolala inakwera kukhutu, inayo inagwa. A Kolala anaona, anafuna kunena, lilime linakana. Kenako analowa operekera zakudya aja, omwewo amene ankawabweza pamzere. Onse analiona batanilo. Palibe analitchula, palibenso anayang'ana kachiwiri pakhosi pawo. Chifundo chimenecho chinawabaya kuposa majekeseni onse a m'chipindamo, ndipo sanauze munthu.

Atabwerera kunyumba, mkazi wawo ndiye ankawamanga mabatani, iwo nkhope atalozetsa kukhoma. Mawu atayamba kubwerera, m'mawa wina anakankha dzanja la mkaziyo.

"Ovekedwa alipo awiri," anatero, mawu akukokeka ngati mpando pasimenti. "Khanda ndi mtembo. Ukhanda ndinamaliza. Umtembo sindinayambe."

Anayesa kumanga okha ndi dzanja lamanzere. Batani linkapulumuka m'zala ngati kachidutswa ka sopo. Tiyi anazizira, dzuwa linakwera, malaya ali chitsegukire. Poponya maso pansi anaona sikipa yachikasu imene ankapukutira mawindo, ya kampani ina ya penti. Anaitola ndi ndodo. Anaiyala pamaondo, analowetsa dzanja lakufalo m'mkono wake n'kuikokera mpaka paphewa, anapisa mutu, kenako dzanja lamoyo linadzipezera lokha njira. Anatuluka pakhonde fumbi la mawindo lili pamimba, koma atavala okha.

"A Kolala, nanga kolala yapita kuti?" anafunsa wometa wa tsidya la msewu.

"Yapuma pantchito. Tinalembedwa limodzi."

Kuyambira pamenepo anali munthu wa masikipa. Zolembalemba, zosuluka, zamakosi otamuka ngati kamwa la thumba, zonse ankavala, bola zopanda batani. Malaya awo oyera anatsala mu wodilopu, ataima pamzere ngati akudikira kuyenderedwa.

Nkhani inavuta pamene mwana wawo wamkazi anapeza banja. Anali mwana yekhayo, ndipo bambo ake ankamutcha Kasupuni chifukwa anabadwa woonda, mutu wokha waukulu. Zokonzekera ukwati anazigwira ndi mlamu wawo, mchimwene wa mkazi wawo, munthu wokonda kukhosomola asanalankhule kuti anthu akhale chete. Madzulo ena anabwera ndi pulasitiki m'khwapa, n'kukhala pampando waukulu pabalaza. Mkazi wa a Kolala ndi Kasupuni anakhala pasofa.

"Alamu, tisazungulire," anayamba, atakhosomola. "Akuchimuna ndi anthu a masuti. Bambo ake a mnyamatayo ndikukhulupirira amasamba atavala tayi. Ndiye inu mukalowe m'tchalitchi mutagwira mwana wathu, pachifuwa palembedwa kuti Penti Yosasuluka?"

"Ndi mawu abwino paukwati," anatero a Kolala.

Kasupuni anaphulika kuseka, kenako anadzigwira pakamwa.

Mlamu anatsegula pulasitiki ija. Munali malaya oyera atsopano, akadali ndi mapini, ndi tayi yofiirira. "Ndidzakumangani ndekha. Ntchito yake n'njotani? Mudzangotsinzina ngati pobayitsa jekeseni, potsegula maso mwasanduka munthu."

"Mukamaliza mudzandiwongolenso miyendo, muitane oimba."

"Bambo, musamalankhule choncho," anatero mkazi wawo.

"Zithunzi zimakhala mpaka kalekale, alamu. Adzukulu adzafunsa kuti wopaka penti uyu analowa bwanji. Mukakana, mwanayu ndidzamulowetsa ndine. Inu tidzakukhazikani kumbuyo pafupi ndi khomo, kumene kumapita kamphepo. Ndi mwendo wanuwo n'kukuchitirani chifundo."

A Kolala sanayang'ane mlamu wawo. Anayang'ana mwana wawo. Kasupuni ankapotokola mphete pachala.

"Ababa," anatero motsitsa, "ndi tsiku limodzi lokha."

Mawu amenewo ndi amene anafika pamtima. A Kolala anatsamira ndodo, anaimirira mwa zigawozigawo monga ankachitira masiku amenewo.

"Suti ndidzavala. Ndidzavala ndekha, kuyambira mkati mpaka kunja. Ukadzandiona n'kuchita manyazi, udzagwire mkono wa amalume akowa, ine sindidzatsegula pakamwa. Koma wondigwira pakhosi, ndodoyi idzalankhula."

Kutacha anakwera basi kupita kumsika, jekete ya suti yawo yotuwa ili paphewa. Kumzere wa zovala kunali mayi wina wogulitsa masikipa okhaokha, wonenepa bwino, lumo lili m'khosi pachingwe. Atangowaona anakweza mawu.

"Fikani, achikulire! Ya timu ya mpira? Ya mutu wa nyalugwe? Iyi yalembedwa Chingerezi choti ngakhale mwini wake sachimva."

"Ndikufuna yosalankhula."

"Ee! Yopita nayo kuti?"

"Kuukwati. Pansi pa iyi." Anayala jekete ija pabenchi.

Mayiyo anayang'ana jekete, anayang'ana dzanja lolendewera, sanafunse kanthu. Anangokankhira pambali mulu wa pamwamba n'kukoka chikwama cha pansi pa benchi.

"Ndiye mwabwera pa nkhani ina. Zapamwambazi n'zochezera, zopitira kogula buledi. Zimenezo zimafuna kutaya, osapisira, zigwere pa jinzi, basi. Koma sikipa yolowa m'jekete imakhala ina. Gwirani iyi."

A Kolala anaipsinja pakati pa zala. Nsalu yake inali yolemera, yosaonekera. Anakoka khosi lake, linabwerera pamalo ngati lakwiya.

"Khosi ndiye zonse," anatero mayiyo. "Likangotamuka, ngakhale muvale jekete ya golide, mumaoneka ngati mwangodzuka."

"Ndipatseni yoyera."

"Yoyera? Aziti madalawa aiwala malaya, atuluka ndi vesiti. Ayi. Yakuda nayonso muoneka ngati woimba gitala amene wakana kukalamba. Tengani iyi." Anatulutsa yabuluu wakuda, mtundu wa inki, n'kuiika mkati mwa jekete yotuwa ija. Mitundu iwiriyo inagwirizana ngati inakulira nyumba imodzi.

A Kolala anavula sikipa yawo pomwepo, pakati pa msika, anthu akudutsa. Mayiyo anatambasula manja kuti awathandize.

"Manja anu akhale kwanu, mayi."

"Pepani, bwana!" anaseka, n'kubisa manja m'khwapa.

Yoyamba inali yaikulu, msoko wa phewa unagwera pamkono. Anaivula. Yachiwiri inathina pamimba mpaka mchombo kuonekera ngati belu lapakhomo. Anaivula. Thukuta linali litayamba. Ogulitsa nsapato a pafupi anasiya kuitanira malonda n'kumaonerera. Yachitatu msoko unakhala ndendende pafupa la phewa, khosi linagona mozungulira bwino, osakanyanga, osasekerera. Mayiyo anagwira galasi losweka pakona.

Munthu amene anamuona m'galasimo sanali mkulu wa operekera zakudya. Sanalinso wodwala wa pabedi lija.

"Mkwati achenjere," anatero mayiyo. "Mupisire, muike lamba wakuda, jekete musamange. Ndipo posita atembenuze, asaike mzere pamkono ngati yunifomu ya sukulu. Akazi anu alipo, kapena ndidzabwere ndine?"

"Alipo, ndipo ali ndi lumo lalikulu kuposa lanulo."

Masiku otsatira anali a sukulu. Mkazi wawo akapita kokonza za ukwati, a Kolala ankadzitsekera kuchipinda. Anaphunzira kulowetseratu lamba m'buluku asanalivale. Anaphunzira kutsamira khoma ndi chiuno kuti buluku lisagwe pamene dzanja likupisira sikipa, kutsogolo, m'mbali, kenako kumbuyo kumene kunali kovuta. Nsapato anasankha zopanda zingwe. Jekete ndiyo inali mdani. Dzanja lakufa linkalowa bwino, koma mkono winawo wa jeketeyo unkathawira kumsana, kumene dzanja lamoyo silinkaupeza. Tsiku lina ankapambana, tsiku lina jekete inkapambana.

Litatsala tsiku limodzi, masana, anapeza mkazi wawo akusita. Malaya a mlamu aja anali kale pawaya, osalala. Sikipa yabuluu inali pampando, yosakhudzidwa.

"Iyo simusita?"

Mkaziyo anaimika simbi. "Ndikufunseni, bambo. Zaka zonsezi makolala amene ankakutchukitsani aja ankawaimika ndani? Si manja angawa? Lero akakufikani pakhosi asanduka minga? Mutandikankha muja munkaganiza kuti ine sindimva kuwawa?"

A Kolala anakhala pabedi. Anayang'ana dzanja lawo lakufa, analinyamula n'kuliika pabondo ngati mwana wa eni. Kenako anafotokoza za batani lija, za anamwino, za anthu awo ataima mozungulira bedi maso ali pansi. Anafotokoza movutika, mawu ena akugwa panjira, koma anafika kumapeto.

"Inu simunadumphitsepo batani, mayi. Koma mukamandimanga, ndimamva fungo la chipinda chija."

Simbi inkalira yokha, tiki, tiki. Kenako mkaziyo anatenga sikipa ija, anaitembenuza kunja kukhala mkati, n'kuiyala.

"Kusita kokha mundisiyire," anatero. "Mungawotche nyumba."

M'mawa wa ukwati nyumba inadzaza. Kuchipinda cha Kasupuni kunali amayi okhaokha, kuseka, kukangana za mapini ndi mafuta a tsitsi. Galimoto zinali zitaima kale pamsewu. A Kolala analowa kuchipinda kwawo, anakhoma chitseko, kiyi anaponya pabedi.

Sikipa inalowa ngati madzi. Buluku linavuta pang'ono, zipi inaluma nsalu, anaimasula atalumanitsa mano. Anatsamira khoma, anapisira, anakoka lamba. Kenako jekete.

Gogogo! "Alamu! Nthawi yatha. Tsegulani, malaya ndili nawo pano."

Dzanja lakufa linalowa. Anakokera jekete paphewa, anaponya dzanja lamoyo kumbuyo. Linagwira mphepo. Jekete inatsetsereka n'kugwa pansi.

Anaitola ndi ndodo. Anayambiranso. Inagwanso.

Kunja hutala inalira. "Alamu, musatichititse manyazi! Akuchimuna afika kale kutchalitchi. Mlongo, auze amuna akowa, kapena tithyole chitseko."

Thukuta linkatsika m'khosi. A Kolala anaopa kuti lidetsa sikipa, anapukuta ndi pilo. Anamva mapazi a mkazi wawo akufika pakhomo, ndipo anadikira kuti nayenso agogoda. Sanagogode. Anamva msana wake ukutsamira chitseko.

"Achimwene, chokanipo apa. Amuna anga akuvala."

"Akuvala chiyani chosatha?"

"Chimene akuvalacho. Mukafuna kuthyola, muyambe ndi ine."

A Kolala anapuma mozama. Analowetsanso dzanja lakufa, anakokera jekete mpaka m'khosi, ulendo uno analuma kolala yake ndi mano kuti isathawe. Anabwerera chafutambuyo mpaka pa chogwirira cha wodilopu, anakoletsa mbali yolendewerayo, n'kupotoloka pang'onopang'ono. Mkono wa jekete unatseguka. Dzanja linaupeza, linalowa, linatulukira. Anagwedeza mapewa, jekete inakhazikika pamalo pake ngati galu amene wamva mawu a mbuye wake.

Sanathamangire chitseko. Anaima pagalasi, anawongola khosi la sikipa ndi chala chimodzi, anapesa tsitsi. Atatero anatsegula.

Mlamu anali pomwepo, malaya oyera ali pamkono ngati woperekera zakudya watsopano. Anakhosomola.

"Ilibe kolala," anatero.

"Kolala ndine."

Nthawi yomweyo chitseko chinacho chinatseguka, Kasupuni anatuluka, amayi atamugwirira diresi kumbuyo. Kumsana kwake kunali mzere wa timabatani tating'onoting'ono kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Mlamu anapinda mkono wake n'kuusendeza kwa mwanayo.

"Tiye, mwanawe. Waona wekha."

Kasupuni sanaugwire. Anapereka maluwa ake kwa amayi ake, anaika manja kumbuyo, anakweza chibwano, n'kuyamba kuzungulira bambo ake pang'onopang'ono, diresi ikukwekwereza pansi. Anayang'ana nsapato. Anayang'ana lamba. Anayang'ana kumbuyo ngati sikipa yatuluka. Anadzaima kutsogolo n'kuyang'anitsitsa pakhosi, nkhope ili gwa, monga ankawaonera akuchitira anthu awo kuhotela masiku amene ankawapititsira ambulera.

A Kolala anagwiritsa ndodo. Anali atalonjeza kusatsegula pakamwa, ndipo sanatsegule.

"Batani lodumphitsa palibe," anatero Kasupuni ndi mawu onenepa a bambo ake. "Uyu akhoza kukaonekera kwa alendo."

Amayi aja anaseka mpaka wina kugwetsa mapini. Maso a Kasupuni anali atanyowa.

"Koma iwe," anatero a Kolala, akuloza timabatani tija ndi chibwano, "wavekedwa ndi mpingo wonse."

"Ine ndine khanda lanu, ababa. N'zololedwa."

Panatsala duwa loyera la pachifuwa, limene amuna onse a paukwatiwo anali atabayidwa kale. Kasupuni analitenga, anachotsa phini m'kamwa mwa mayi wina, anasendera. Dzanja lake lili m'mwamba anaima. Bambo ake anali atatsamiritsa ndodo kukhoma n'kutambasula chikhatho. Anayang'anana. Mwanayo anabweza phini, n'kuika duwalo m'chikhathomo.

A Kolala analisomeka m'thumba la pachifuwa la jekete. Linalowa mopendama, mutu wake utaweramira kukhwapa.

"Lapendama," anatero mlamu, dzanja likunyamuka lokha.

"Ndalipendamitsa ndine. Lisiyeni."

Anatola ndodo. Kasupuni anazungulira kumanja kwawo, ananyamula dzanja lakufa lija, analikoleka pamkono wake n'kulipsinja ndi chigongono kuti lisagwe. Hutala inaliranso kunja.

"Aziliza," anatero a Kolala. "Tiyenda mmene ndimayendera ine."

Anatsika masitepe limodzilimodzi, ndodo patsogolo, mwendo wokokawo pambuyo. Wometa wa tsidya la msewu anatuluka ndi kasitomala wake wometedwa theka n'kuimba mluzu. Mlamu anatsalira pakhomo akusowa poika malaya oyera aja, mpaka mlongo wake anawalanda n'kuwaponya pasofa.